Bondo Lotuwa la Achimwene

Mawondo a achimwene anga a Kingsford ndinawaona komaliza ali mwana wa sukulu, akuvala kabudula wa kaki. Chiyambireni ntchito ya mu ofesi ku Limbe anawatsekera m'thalauzi, ndipo atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ndiye anachita kukhomapo loko. Munthu wake ndi wothirira maluwa pakhomo atavala tayi. Ine ndine Alefa, mlongo wawo wamkulu. Ndinawabereka kumbuyo, anandikodzera kumsana kangapo konse, ndiye ulemu umene anthu a ku Chimwankhunda amawapatsa, ine ndimawapatsa theka.

Chaka chino bondo lawo lakumanja linayamba mwano. Poyamba linkangolira ngati chitseko cha kubafa. Kenako linatupa, kenako linakana masitepe. Kutchalitchi anthu akaimirira kuti aimbe, iwo ankamaliza kuimirira ndime yoyamba itatha. Anagula ndodo, n'kumauza anthu kuti ndi yoopsezera agalu.

Bondo likanangopweteka lokha, bwenzi tikungoseka. Koma panali nkhani ya Patience.

Patience ndi mwana wa mng'ono wanga, malemu Dorothy. Mayi ake atatisiya, achimwene ndiwo anamutenga, kumulera, kumuphunzitsa, mpaka lero akugwira ntchito m'tauni. Tsono anapeza mwamuna, mnyamata wa ku Soche dzina lake Eliot, ndipo chinkhoswe chinali pafupi. Kwathu malume ndiye nkhoswe. Pa tsikulo amadzuka pampando thadzi lili m'manja, n'kumavina pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Kumeneko amapereka thadzilo kwa akuchimuna, iye n'kulandira tambala. Manja onse awiri amakhala pa ntchito. Nanga ndodo agwira ndi mano?

Amene anayamba kuwerengera zimenezi ndi a Ignatius, mwana wa mayi athu aang'ono. Munthu ameneyu maliro akachitika amafika woyamba pa maikolofoni. Anabwera kudzazonda odwala atasoketsa kale suti.

"Achimwene, musadzivutitse," anatero akudzithirira shuga mu tiyi. "Tambala ndidzalandira ine. Inu tidzakuikirani sofa kutsogolo, ndi kapilo."

Achimwene anangoyang'ana chithunzi cha Dorothy pakhoma. Ine ndinadziwa kuti zalowa mpaka m'fupa, pakuti Patience anali atanena kale pamaso pa tonse kuti, "Amalume, munandiperekeza tsiku loyamba la sukulu. Ndikufuna mudzandiperekenso inuyo, osati wina."

Patience yemweyo ndiye anapeza kachipatala ka mafizo pafupi ndi Ginnery Corner. Alamu anga a Ida, akazi a achimwene, anali otanganidwa ndi komiti ya zophika, ndiye woperekeza ndinali ine. Pokwera minibasi kondakitala anachita kuwanyamula m'khwapa.

"Adadi, mwendo winawo mwausiyira ndani? Kwezani onse!"

"Agogo athu anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, katundu ali pamutu," ndinawanong'oneza titakhala. "Inu mukukanika sitepe ya minibasi."

"Achemwali, muli anthu muno."

Kuchipatalako tinapeza mtsikana wamfupi, wa maso akuthwa, dzina lake Atikonda. Ndinamutcha adokotala, iye anati ayi, ndi wa mafizo. Anawakhazika achimwene pa bedi lalitali.

"Bambo, tapindani thalauzi."

Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana chitseko.

"Achemwali, tatulukani."

"Ndituluke ine? Ine amene ndinkakusambitsani m'beseni? Pindani!"

Anapinda. Abale anga, bondo lija linatuluka likunyezimira ngati mandasi ochoka kumene m'chiwaya. Lotupa inde, koma losalala, lowala, moti ukanatha kudziyang'anirapo pomanga duku. Ndinadabwa.

Atikonda analisindikiza uku ndi uku, kulipinda, kuliwongola. Anati ndi nyamakazi ya m'mfundo za mafupa. Pakati pa mafupa pamakhala kamnofu koterera, tsono kwa achimwene kanaperepeseka ngati soli ya nsapato yakale. Kenako anatulutsa mpukutu wa tepi yotambasuka ngati lasitiki.

"Iyi sichiritsa, ndinene poyera," anatero. "Imangothandiza kafupa ka pamwamba pa bondoka kuti kaziyenda m'njira yake, ululu n'kuchepa. Ululu ukachepa mumatha kuchita mafizo, ndipo mafizowo ndi amene amalimbitsa mwendo. Koma tiyambe tameta."

"Kumeta chiyani?"

"Ubweya wa pabondo, bambo. Tepi simata pa ubweya."

Mkulu wa mpingo kumetedwa bondo ndi lezala! Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuti ndisagwe pa mpando. Mtsikanayo anameta, anapukuta bwinobwino ndi sipiliti, n'kudula tepi. Apa m'pamene achimwene anaona mtundu wake.

"Mwana wanga, mulibe ya mtundu wachikulu?"

"Yakuda anamaliza anyamata a mpira. Yatsala ya pinki."

Anamata zingwe ziwiri zozungulira bondo ngati nyanga za ng'ombe, china chopingasa m'munsi, n'kusisita ndi chikhatho kuti igwire. Achimwene atatsika pa bedi anaponda, anapondanso, anayenda mpaka pazenera ndodo itatsamira khoma. Nkhope yawo inamasuka ngati munthu amene wavula nsapato yothina.

"Kusamba musambe," anatero Atikonda, "koma popukuta muzingogunditsa thaulo, osakwecha. Ndipo mafuta odzola ayi. Ngakhale kadontho. Mwamva, bambo?"

"Ndamva."

Anamva zoona. Ine ndinali mboni.

Lamulungu lotsatira inali sabata yawo yowerenga zolengeza. Anayenda kupita kutsogolo, tayi ili nga, pepala m'manja. Ine ndinali m'benchi la amayi. Ndinangoona ana a kutsogolo akugwedezana. Kuyang'ana pansi, kachingwe ka pinki katuluka m'mwendo wa thalauzi, kakukwawa pambuyo pa nsapato ngati mchira. Achimwene akulengeza za msonkhano wa madikoni, ka pinki kakuwatsatira. Pobwerera kanatsala pakati pa kanjira. Anakatola ndani? A Ignatius. Anachita kukanyamula m'mwamba ndi zala ziwiri.

"Achimwene," ananong'ona mokweza moti benchi lonse linamva, "riboni yanu yagwa."

Tinabwerera ku Ginnery Corner. Atikonda anapukuta, anamata ina. Sipanapite nthawi, inasendeka m'mbali n'kugwera m'sokosi. Titapitanso, mtsikana uja sanathamangire kutenga mpukutu. Anayendetsa chala pabondo paja, n'kuchinunkhiza.

"Bambo, awa ndi mafuta."

"Ndi thukuta. Okutobala uno kukutentha."

"Thukuta lonunkhira koko?"

Achimwene anayamba kuwerenga chithunzi cha mafupa chimene chinali pakhoma, ngati mawa ali ndi mayeso.

Atikonda anasiya kuseka. Anatisonyeza khungu lofiira m'mbali mwa bondo. "Taonani. Kumata n'kumatula kwayamba kulusitsa khungu. Ndimata lero. Iyi ikakhala bwino, ndidzaichotsa ndekha mwaulemu n'kumata yatsopano chinkhoswe chili mawa. Koma ikasendekanso, khunguli liyenera kupuma, ndipo tsikulo mudzapita opanda tepi."

Ine ndi achimwene tinakwera minibasi yobwerera. Titafika pa siteji ya kwawo ndinatsika nawo limodzi.

"Achemwali, kwanu si kuno."

"Kwathu madzi anasiya. Ndigona kwanu."

Madzi kwathu anali akutuluka bwinobwino. Ine ndinkafuna kuona thukuta la koko limachokera pati.

M'mawa ndinadzuka ndi tsache, n'kuyamba kusesa kuseri kwa nyumba. Kuchipinda kwa mlongo wako wamwamuna sulowa, imeneyo ngakhale ine wopanda khalidwe ndimaidziwa. Koma palibe amene analetsa kusesa pansi pa zenera. Ndinasesa pamalo amodzimodzi mpaka nyerere zinasamuka. Ndinamva achimwene akuchokera kubafa, bedi linalira, kenako chivindikiro cha botolo chinati kwe.

"Bweretsani mwendo," anali mawu a alamu.

"Amayi, lero lokha mwina tingolekeza m'munsimu."

"M'munsi muti? Taonani mmene pauma m'mbali mwa chipepala chanuchi. Bweretsani."

Ndinamenya zenera ndi mtengo wa tsache.

"Alamu! Ikani botolo pansi! Manja m'mwamba!"

M'katimo munagwa chinthu. Achimwene anakuwa dzina langa lonse, limene anandipatsa abusa pa ubatizo. Patapita kanthawi anatuluka onse awiri pakhonde, achimwene thalauzi atavala mothamanga, alamu chala chili noninoni ndi mafuta, botolo kudzanja linalo.

"Chakhudza tepi chala chimenecho?" ndinafunsa.

"Chikanakhudza bwanji inu mukuswa mazenera?"

"Mulungu ndi wabwino. Alamu, amene mukugwetsa tepi ya amuna anu ndinu. A mafizo analetsa mafuta."

A Ida anaika dzanja m'chiuno. Alamu angawa ndi mayi wa Mvano, wofatsa, koma ukawaponda pa ukhondo amasanduka ena.

"Analetsa? Mwamuna wanga azikapinda thalauzi pamaso pa mwana wamkazi bondo lili mbuu ngati wagwa m'phulusa? Anthu aziti kunyumba kwake kulibe mkazi? Ine tsiku lopita kuchipatala ndimachita kuwonjezera!"

"Nanga pa tepi?"

"Ndimangopaka m'mbalimbali kuti isawakoke khungu. Ndi pamwamba pang'ono, kuti ifewe."

Ndinatembenukira kwa achimwene. "Inu simunawauze?"

Anakhala pa mpando wa pakhonde, n'kumayang'ana zala zawo za kumapazi. Ngakhale zimenezo zinali zowala.

"Ndikanamuuza bwanji?" anatero motsitsa mawu. "Chikwatirane sanaphonyepo m'mawa ndi umodzi womwe. Ngakhale tikhale titayambana, osalankhulana, mwendo amatenga. Ndiye ine ndinene kuti wasiya lero?"

Anthu a ku Chimwankhunda amaopa bambo ameneyu. Anyamata amabisa ndudu akamuona. Kodi ndani akanaganiza kuti m'mawa uliwonse amapereka miyendo ngati khanda?

Alamu nawo maso anali atanyowa, koma sanagonje.

"Zoletsa mafutazo mwapeka ndinu, alamu. Ndimakudziwani. Si inu munandiuza kuti abusa akubwera kudzadya nkhomaliro, ine n'kupha nkhuku, wobwera n'kukhala inu nokha?"

"Inali yokoma. Koma za lerozi ndi zoona."

"Ndikamve ndekha."

Ndiye tinakwera minibasi atatu. Alamu botolo analiika m'chikwama, ngati mboni yopita nayo kukhoti.

Atikonda atamva nkhani yonse sanaseke, ngakhale ndinaona milomo yake ikunjenjemera. Anayang'ana tepi ya dzulo ija, inali ikadali yogwira. Kenako anadula kachidutswa.

"Amayi, tandipatsani mkono."

Mkono wa alamu, mukudziwa kale, unali wowala. Anamatapo kachidutswa kaja, n'kuwauza kuti agwedeze. Kanagwa pansi ngati tsamba. Anapukuta malo omwewo ndi sipiliti, anamata kena. Alamu anagwedeza, anakapinda, anakakanda ndi chikhadabo. Kanakana.

"Hii," anatero alamu. Anayang'ana amuna awo. "Ndiye chipepala chija chinagwa m'tchalitchi chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha chikondi, amayi," anatero Atikonda. "Koma chikondicho chitsike pang'ono."

"Chitsike mpaka pati? Mundiuze malire. Ine sindingasiye munthu yense atatuwa."

Apa ndinapisa m'chikwama changa n'kutulutsa pensulo yanga ya nsidze. Musafunse kuti nkhalamba ngati ine ikufuna chiyani ndi pensulo ya nsidze. Atikonda anaika zala zake m'munsi mwa tepi, n'kujambula mzere ndi pensuloyo kuzungulira mwendo. Anajambulanso wina pantchafu, achimwene atatseka maso ngati akupemphera.

"Kuchokera apa kutsika mpaka kuzala ndi munda wanu, alamu," ndinatero. "Limani mmene mungafunire. Koma pakati apa ndi malo a boma."

"Ndipo ndili ndi ntchito ina ya inu," anawonjezera Atikonda. "Bambowa mafizo akuzemba, ndikuona ntchafu yake. M'mawa uliwonse agone chagada, awongole mwendo, aukweze pang'onopang'ono, autsitse. Inu muzikhala kumapazi, chidendene chizitera pa miyendo yanu. Akanama, mudzandiuze."

Alamu anawongola duku. Munthu anabwera ngati wopalamula, anatuluka ali kapitawo.

Masiku otsatirawo ndinkapita kukazonda. Ndikafika pageti ndinkamva mawu a alamu kuchokera m'nyumba: "Kwezani! Ameneyo si mwendo wokweza, n'kugwedeza chabe. Bwerezani!" Tepi inakhala. Chinkhoswe chili mawa Atikonda anaichotsa bwinobwino, anaona kuti khungu lazizira, anamata yatsopano. Yakuda inali itabwera, koma achimwene anati ayi, ya pinki yomweyo, anaizolowera.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la kapinga ku Soche, phiri lili pamwamba pathu, dzuwa likuswa mtengo. Akuchimuna mbali iyo, ife mbali ino, onse m'zitenje zofanana. Patience anakhala kutsogolo atazyolika, koma maso ankaba kuyang'ana amalume ake. A Ignatius anakhala pafupi penipeni ndi achimwene, suti yatsopano ikuwala, manja ali pa mawondo ngati wothamanga amene akudikira wenzulo.

"Achimwene, likavuta mungondikodola," ankanong'ona. "Palibe manyazi."

Woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe. Nyimbo inayamba. Koma tepi ndi tepi, bondo lidakali lomwe lija lokalamba. Achimwene anagwira mpando, anasuntha, anadzuka. Anaima kaye kumvetsera mwendo. Kenako anatembenukira kwa a Ignatius n'kuwapatsa ndodo.

"Tagwirani."

Ndinawapatsa achimwene thadzi. Analifungata ndi manja awiri n'kuyamba ulendo. Musaganize kuti anavina ngati mnyamata, ayi. Phazi lamanzere linkavina, lakumanja linkapempha chilolezo kaye. Koma ankapita. Phewa uku, phewa uko, tayi ikugwedezeka. Amayi a Mvano amene sanawaonepo akugwedeza ngakhale mutu pa nyimbo anayamba nthungululu. Ine ndinali pambuyo pawo ndikuvina ndi chiuno chonse, kuti anthu akafuna poseka aseke ine.

Pakati pa bwalo anakumana ndi malume a Eliot, bambo wamtali wanthabwala, atanyamula tambala wamkulu ngati mwana wa mbuzi. Achimwene anapereka thadzi. Bambo uja, m'malo mopereka tambala m'manja, anamutsitsa dala mpaka m'mawondo, akumwetulira. Ofuna mkamwini awerame.

Ndinamva alamu akuti "Yesu" kumbuyo kwanga.

Achimwene anapuma, anatsegula miyendo pang'ono mmene Atikonda anawaphunzitsira, anapinda mawondo onse awiri. Nkhope inakwinyika, thukuta lenileni tsopano, losanunkhira koko. Anagwira tambala. Tambalayo anakupiza mapiko, anapalasa, chikhadabo chinakola thalauzi n'kulikweza mpaka pabondo. Achimwene sanamusiye. Anamupanira m'khwapa n'kuwongoka, tswii, mpaka kuima.

Bwalo lonse linaona. M'munsi mwendo wowala ngati wopolishidwa. Pamwamba pake kamzere kakuda ka pensulo. Kenako bondo lotuwa mbuu, lometedwa, litavala pinki.

Kunali kuseka, kunali nthungululu, zonse pamodzi. Ndinaganiza kuti achimwene afa ndi manyazi. Koma alamu anatulukira pakati pa bwalo, akuvina, chala chikuloza bondo lija, akuuza aliyense mokweza:

"Musaone kutuwako! N'kwa chipatala! Taonani m'munsimo, m'munsimo ndi mwanga!"

Achimwene anaseka. Mkulu wa mpingo kuseka mano onse panja, tambala m'khwapa, thalauzi mwendo umodzi m'mwamba. Anabwerera chovina chomwecho mpaka pamene panakhala Patience. Mwanayo anadzuka, anagwada, anagwira dzanja lawo lopanda tambala n'kuliika pamutu pake. Zopakapaka zonse za kumaso zinasungunuka. Ine ndinayang'ana kuphiri, ndinati muli fumbi m'maso.

Atakhala pansi bondo linawawa, osanama. Alamu anatumiza madzi oundana a m'zakumwa, anakulunga m'kansalu, anaika pamenepo, n'kuphimba ndi chitenje chawo kuti anthu aleke kuona malo a boma.

Zithunzi zinatuluka sabata yotsatira, Patience anatitumizira pa foni. Achimwene ali ndi tambala. Alamu akuloza bondo. Ine ndili pakamwa yasa. Ndipo m'chithunzi chilichonse, kumbuyo, muli a Ignatius mu suti yawo yatsopano, ataima chilili, atagwira ndodo ya eni ake ngati mlonda wa pageti.